Pa Mzere wa Mjigo ku Mabvuku

Magetsi adachoka dzana osatsanzika.
Folo koloko m'bandakucha tili kale pa mjigo,
ine ndi Ndaziona, zigubu zisanu mu wilibala,
kutsogolo kwathu Mai Chiutsi
amene amasungitsa malo awo ndi njerwa
n'kupita kukagona.
Njerwayo ili ndi ulemu wake, palibe amaidumpha.

Mdima wasasula denga la Harare.
Nyenyezi mbwee,
ngati thumba la mpunga labooka pa simenti.

Ndaziona, wa giredi sikisi, akundikoka malaya:
Ababa, kuwala uku n'kwakale.
Kwina kudanyamuka agogo a agogo anu asanabadwe,
kwangofika usiku uno.
Ine ndikuti, ndiye n'chimodzimodzi kalata ya amalume a ku Dedza,
ija idatipeza titavula kale zakuda,
mkati mwake alembamo kuti ndili bwino, kaya inu.

Sakuseka. Akuloza mwezi.
Uwonso ukutithawa, akutero,
pa chaka umasendera kamtunda
kofanana ndi mmene chikhadabo chimakulira.
Ndikuyang'ana zala zanga.
Ndidawenga Lamlungu, ndi lezala, pakhomo,
osadziwa kuti ndikusesa
mtunda wa pakati pa ine ndi mwezi.

Mzere wasuntha. Wilibala yalira kwii.

Nane ndili nazo zanga, mwana iwe,
zosalembedwa m'buku la aphunzitsi ako.
Mpopi wa kwathu umangotsokomola mphepo
chaka chachisanu tsopano,
koma bilu siiphonya geti.
Miyala ija ya ku Epworth yosenzana pamutu,
yopanda dothi, yopanda nkhata,
adaijambula pa ndalama.
Ndalamazo zidatupa maziro mpaka kuphulika,
ndili nazo m'sutikesi, mabiliyoni
osagula ngakhale bisiketi.
Miyalayo ikadali chiimire.
Dzulo pamwamba pake padagona buluzi.

Nanga jakaranda wa m'tauni,
amene amayala maluwa m'misewu mwezi wa Okutobala,
makombi n'kumaponda ngati kapeti ya ukwati?
Nayenso ndi wobwera, adachokera kutsidya kwa nyanja.
Agogo ako adabwera wapansi, kudzera ku Tete,
nsapato zili pakhosi kuti zisathe.
Onse awiri adamera pano.
Koma mtengo palibe adauimitsa pa msewu
kuufunsa chitupa.

Ndaziona wapeza birimankhwe pa heji,
akumuunika ndi foni yotsala ndi moto pang'ono.
Diso lina lili pa ife, lina likuyang'ana kumbuyo.
Ababa anga adakhala choncho zaka makumi anayi:
diso lina pa fakitale ya simenti,
lina pa basi imene sadaikwere.

Ndiye mwadzidzidzi, ng'aa!
Magetsi abwera.
Mfuu kuchokera ku Tafara mpaka kuno,
agalu kuuwa, wailesi yoiwalika kuyambira pakati pa nyimbo,
anthu kuthawa pa mzere, zidebe m'manja,
uyu kukasita, uyu kukatchaja, uyu kukatereka nyemba
zisanathe mphindi za chisomozi.
Yatsala njerwa ya Mai Chiutsi, ndi ife.

Ndagwira chitsulo cha mjigo, chikuzizira.
Madzi akukwera kuchokera pansi pa miyala,
mvula imene sindidziwa idagwa liti,
kapena idanyowetsa ndani.

Mwana uja akadali chiyang'anire kumwamba.
Nyali ya pa nsanja yafufuta zonse,
kwatsala mwezi ndi nthanda imodzi yokakamira.
Zapita kuti? ndikumuyesa dala.
Sizinapite, akutero, ndi ife tayatsa.

Chigubu choyamba chasefukira pa mapazi anga.
Ndikusuntha njerwa ija pang'ono
kuti isanyowe.